Oyilo wa Alamu Sindithira

Yakutsk, 14 Okutobala 2009

Okondedwa mayi a Aizirek,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa ana, ndi wa amayi anu. Kodi mawondo awo akuwalola kufika kukhola? Ine ndili bwino, chifuwa chija chinatha. Achimwene anu a Toktosun nawonso ali bwino, anenepa.

Ndasankha kulemba chifukwa foni ili m'chipinda cha amayi, ndipo ndikaimba mumangoyankha kuti "eya, eya" ngati mboni ya kukhoti. Pa pepala ndiye tingacheze.

Ndatumiza maruble zikwi zisanu ndi zitatu. Gulani malasha tsopano mtengo usanakwere. Mbatata musagulitse yonse, ya m'nkhuti ija idikire Febuluwale. Ulukbek mumugulire nsapato zokulirapo, phazi la mwana silidikira malipiro.

Kuno kwagwa kankhani. Mwini galaja yofunda ija, momwe matakisi asanu ndi awiri a alamu akhala akugona zaka zonsezi, waigulitsa. Kutha kwa Novembala tituluka. Magalimoto azigona panja atafunditsidwa, injini zikudzilira zokha pakapita kanthawi. Anthu ambiri amatero, palibe chachilendo. Chandisowetsa mtendere ndi mgolo wa oyilo wa giyabokosi umene alamu agula dzana, wa mtundu wotchipa womwe uja wa masiku onse.

Ndipirireni ndifotokoze, paja munakwatiwa ndi mphunzitsi. Magalimoto athu ndi aja osintha okha magiya. Mulibe phazi la munthu loponda kilatchi, ntchito yonse amagwira ndi oyilo. Pampu imamukoka n'kumukankhira m'tinjira topyapyala ngati ulusi, ndipo iyeyo ndiye amapanikiza timbale kuti giya ilowe. Akalimba ngati uchi wa m'chisanu, pampu imayamwa mphepo, timbale timaterereka mpaka kupsa. M'galaja yofunda vutoli silinaonekepo. Oyilo wa alamu sanagonepo panja.

Alipo wina wopangidwa mwapadera, amene a m'sitolo amati sinthetiki. Ameneyo amayendabe ngakhale kutazizira madigiri makumi asanu pansi pa ziro. Mtengo wake ndi kuwirikiza katatu. Nditawatchulira, alamu anaseka. Akuti, "Aphunzitsi, onsewa ndi ofiira. Kodi galimoto inayamba liti kuwerenga zolemba pa botolo?"

Ndinasekanso. Nthawi idakalipo.

Musawauze amayi izi. Ndi nkhani ya kuntchito chabe.

Ine mwamuna wanu,
Sagynbek


Yakutsk, 21 Novembala 2009

Mayi a Aizirek,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino nonse. Kalata yanu ndinailandira, ndi chithunzi cha nkhosa chimene Aizirek anajambula. Mumuuze kuti miyendo isanu yachuluka, koma nkhope ndi ya nkhosa yathu yeniyeni. Ine ndili bwino.

Denga la khola musalipatse munthu wa chaka chatha uja. Amakhoma misomali itatu n'kuitanitsa tiyi kanayi.

Kuzizira kwafika makumi anayi ndi chimodzi pansi pa ziro. Lachitatu ndinachita zimene ndinkachita ndi ana a sukulu ku Nookat. Ndinatenga mabotolo awiri a jamu. M'limodzi ndinathira oyilo wa mumgolo, m'linalo sinthetiki amene ndinagula lita imodzi ndi ndalama yanga. Sindinagule mwachisawawa. Ndinayamba ndawerenga mtundu wolembedwa pa kachitsulo koyezera oyilo, chifukwa giyabokosi iliyonse ili ndi wakewake, ndipo sinthetiki wolakwika amaononga chimodzimodzi. Kenako ndinamuvuta wa m'sitolo mpaka anandionetsa pepala lonena malire a kuzizira amene oyiloyo amayendabe. Koma pepala limanama nthawi zina, choncho mabotolo onse awiri anagona pawindo, kunja.

M'mawa, madalaivala akumwa tiyi, ndinawabweretsa n'kuwapendeketsa patebulo. Sinthetiki anatsika pang'onopang'ono ngati madzi a shuga wowiritsa. Wa mumgolo anangokhala phee, ngati phala la dzulo. Ermek, dalaivala wamtali wa ku Kara-Suu uja amene mkazi wake ali woyembekezera, anabayamo supuni. Inaima yokha.

"Ameneyu ngopaka pabuledi," anatero Ermek. Anyamata anaphulika kuseka, ndipo alamu analowa chisekocho chisanathe.

Ndivomere apa kuti ndinalakwitsa. Ndikanawaonetsa ali okha.

"Ndani wakupatsa kalasi muno?" anandifunsa.

Ndinati, "Alamu, taonani nokha."

"Ndaona. Botolo lilibe injini. Galimoto yanga izigona ikulira, itafunda bulangete. Iwe unafika kuno ndi choko m'thumba, sipanala ndinakugwiritsa ndine."

Ndinawayankha modekha kuti injini imadzifunditsa yokha, koma giyabokosi ili pansi, kumene mphepo imadutsa, ndipo mabulangete amene anagula safika n'komwe kumatayala. Ndinati tiyambe ndi magalimoto atatu okha owoloka mtsinje woundana uja, oyenda mitunda yopanda nyumba.

"Mawu a akulu akoma akagonera," anatero. "Lolemba uthire."

Burul mkazi wanga, ndakhala ndikumvera achimwene anu zaka zitatu. Anandilipirira ndege, anandipatsa bedi, mapepala anga okhalira muno analembedwa pa nyumba yawo. Sindinaiwale. Koma amene adzaime pakati pa tchire galimoto itafa si iwowo, ndi Ermek ndi anthu amene wanyamula. Lolemba sindithira.

Wanu,
Sagynbek


Yakutsk, 4 Disembala 2009

Mayi a Aizirek,

Moni kwa inu ndi ana. Ndili moyo, ndili bwino, musamvere zina.

Makalata musatumizenso ku nyumba ya alamu. Adiresi yatsopano ndalemba kuseri kwa pepalali.

Ndikudziwa kuti anaimba kale foni kwa amayi, ndiye mwamva mbali yawo. Yanga ndi yaifupi. Lolemba lija anandipatsa fanulo, ine ndinaiika patebulo. Anandipatsanso, ndinaiikanso. Anati, "Ukukana ine pamaso pa antchito anga?" Ndinati, "Inu sindikukanani, alamu. Nditumeni chilichonse, ndikolope, ndichape matayala. Koma dzanja langa silithira uyu." Anavula jekete n'kuthira okha magalimoto onse asanu ndi awiri, tsiku lathunthu. Kukhwima ali nako, ndiwayamikire. Pomaliza anati chikwama changa ndichipeza pakhonde.

Ndinachipezadi. Anandiikiramo ndi buledi.

Mwezi uno ndatumiza zikwi zitatu zokha. Nkhosa yakuda ija muigulitse, mwa zonse ndiyo imadya kwambiri. Za mapepala anga tidzakambirana bwino, si nkhani ya m'kalata.

Amayi akakulankhulani mokalipa, musawayankhe. Mukukhala pakhomo pawo, ndipo a Toktosun ndi mwana wawo woyamba.

Sagynbek


Yakutsk, 28 Disembala 2009

Okondedwa mayi a Aizirek,

Ndakondwa kumva kuti chimfine cha Ulukbek chatha. Ine ndili bwino. Tsaya lakumanzere linapsa pang'ono ndi chisanu, likusupuka, palibe choopsa.

Kalata yanu ndaiwerenga kangapo. Mukuti ndipite ndikapepese, ndikathire, chifukwa magalimoto ndi awo, ndipo akafa afa awo. Mukuti amayi sakudya nanu mbale imodzi. Mukuti ndinasiya pofunda chifukwa cha botolo la jamu. Sindikukwiyirani. Amene akumva kuwawa tsiku ndi tsiku ndinu, ine ndili kutali. Koma kumbukirani kuti pakadafunda padajiwitsa galu. Ndikanathira, bwenzi lero ndikugona pabedi labwino, n'kumadzuka m'mawa uliwonse kuwerenga magalimoto ngati abwera onse.

Ntchito ndapeza. Ndili ndi bambo Prokopiy, mkulu wa konkuno, wamfupi, wosalankhulalankhula, amene ntchito yake ndi kudzutsa magalimoto oundana. Munthu akaiwala n'kuzimitsa injini panja, amatiitana. Timaifunditsa lona, n'kulowetsa pansi mbaula youzira mpweya wotentha, n'kudikira. Ndimagona m'kachipinda kuseri kwa shedi yawo, pamodzi ndi agalu awiri amene sandilipiritsa lendi.

Tsiku loyamba anandiyesa. Injini italira, mwini galimoto anafuna kunyamuka pomwepo, ine ndinagwira chitseko. Ndinamuuza kuti aponde buleki, ayendetse ndodo ya magiya malo onse, paliponse aime kanthawi, kuti oyilo alowe m'tinjira tonse, ndipo kilomita yoyamba ayende ngati wanyamula mazira. Munthuyo atapita, bambo Prokopiy anandiyang'ana nthawi yaitali. Akuti, "Wa kum'mwera amene amaopa chisanu. Ukhala."

Matakisi a alamu ndimawaona mumsewu. Sabata yatha Ermek anandiimira pa msika wa nsomba. Akuti, "Aphunzitsi, m'mawa ndikaika giya imayamba yaganiza kaye, ngati mkamwini wofunsidwa za ng'ombe, kenako n'kudumpha." Ndinanunkhiza kachitsulo koyezera, ndinamva fungo la chinthu chopserera. Ndinamuuza kuti asawoloke nayo mtsinje. Anaseka n'kunena kuti ndalama ili kutsidya, ndipo mwana abadwa mu Marichi. Ndinamuuza kuti mwina asinthe nsapato, avale za ubweya. Akuti zimenezo n'za agogo.

Ndatumiza zikwi zisanu. Aizirek mumugulire buku la masamu la kalasi yotsatira, asadikire aphunzitsi ake.

Kupepesa chifukwa chowachititsa manyazi ndingathe. Kuthira ayi. Vuto ndi loti alamu akufuna zonse ziwiri m'mbale imodzi.

Mwamuna wanu,
Sagynbek


Yakutsk, 19 Januwale 2010

Burul,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili bwino. Simunandiyankhe, koma ndilembabe.

Ermek ali m'chipatala. Lachisanu masana galimoto inamufera kutsidya, makilomita makumi atatu kuchokera pamudzi wapafupi. Injini inkalira bwinobwino, koma matayala osatembenuka. Patapita ola mafuta anatha. Ananyamula mayi wina ndi ana awiri. Kuzizira kunali madigiri makumi asanu ndi awiri pansi pa ziro. Anayatsa tayala lapadera, kenako mpando wakumbuyo, anawo anawakulunga m'jekete lake. Lole inawapeza dzuwa likulowa. Mayiyo ndi ana ali bwino. Ermek amudula zala ziwiri za kuphazi lamanja, lopondera mafuta.

Ndinapita kukamuona. Akuti, "Aphunzitsi, musandiyang'ane choncho. Zatsala zisanu ndi zitatu, mayeso ndakhozabe."

Ndinatuluka panja kanthawi.

Sindinakondwe kuti zimene ndinanena zachitika. Wina akakuuzani kuti ndikuyenda monyada, ameneyo sandidziwa. Ndimadzifunsa ngati ndikanakhala momwemo, n'kumathira sinthetiki mwakabisira ndi ndalama yanga, mwina bwenzi... Koma magalimoto asanu ndi awiri, malipiro anga sakanakwana ngakhale awiri.

Mupite kwa mkazi wake ku Kara-Suu. Mutenge ufa ndi mafuta ophikira. Musatchule za oyilo.

S.


Yakutsk, 15 Febuluwale 2010

Mayi a Aizirek,

Moni. Ana ali bwanji? Mbatata ija gulitsani tsopano, mtengo wafika. Ine ndili bwino. Khalani pansi musanawerenge zotsatirazi, ngakhale ndikuganiza kuti foni yandipitirira kale.

Loweruka alamu anapha nkhosa. Anaitana akuluakulu a kwathu onse okhala kuno, ndipo anatuma munthu kudzanditenga. Ndinavala malaya oyera aja, ndinaganiza kuti nkhani yatha. Anandilandira pakhomo ndi manja awiri, anandikhazika kumtunda, pafupi ndi bambo Jumabai, mkulu wa tonsefe, amene ndevu zawo zimafika pa batani lachiwiri.

Tinamwa tiyi, tinamwa msuzi. Nyama itabwera, mutu wa nkhosa sanauike patsogolo pa bambo Jumabai. Anauika patsogolo panga. Ine, mkamwini, wamng'ono pa onse amene anali kumtundako.

Bambo Jumabai anati, "Mwana wanga, a Toktosun akulemekeza. Kwathu kuli nyumba imodzi, kuno musakhale ziwiri. Bwerera kuntchito. Chatsala n'chimodzi. Anthu akulankhula zambiri za ngozi ya Ermek, madalaivala awiri athawa kale. Iwe ndiwe wodziwa makina, mawu ako amamveka. Tauza anthuwa kuti giyabokosi ija inafa ndi ukalamba, ndiponso mnyamatayo amayendetsa mwankhanza."

Ndinafunsa kuti, "Nanga mgolo uja?"

Alamu anati, "Ndagonja, Aphunzitsi, ndagula sinthetiki wakoyo. Tisakaniza theka ndi theka, wotsalayu asatayike."

Ndinayesa kufotokoza, Burul, Mulungu ndi mboni. Ndinati mukatsegula pansi pamatuluka mwina theka lokha la oyilo wakale, winayo amatsalira m'kati, ndiye kuti achoke muyenera kusintha kawiri kapena katatu. Mukawonjezeranso wa mumgolo, mwagula sinthetiki kuti mumuphe. Ndinati madzi oyera mukawathira m'chithaphwi amasanduka chithaphwi.

"Wayambanso kalasi!" anatero wina kumunsi. Anthu anaseka. Alamu anasekanso, n'kunena kuti, "Dula mutuwo, tigawire, nkhani ithe. Ermek ndi mnyamata, aiwala."

Mawu amenewo ndi amene anandilowa. Ermek sanaitanidwe. Anali kwawo akuphunzira kuyenda ndi ndodo, ife tikugawana dzina lake patebulo.

Ndinatenga mpeni. Tsaya ndinapereka kwa bambo Jumabai, monga mwa mwambo. Kenako ndinadula khutu. Mukudziwa amene timawapatsa khutu: ana, kuti aphunzire kumva. Panalibe mwana m'chipindamo. Ndinaliika m'mbale, ndinaimirira, ndi manja awiri ndinalipereka kwa achimwene anu.



Ndinati, "Giyabokosi ija inaphedwa ndi oyilo. Ermek amayendetsa bwino kuposa tonsefe. Zikomo chifukwa cha chakudya." Ndinapempha madalitso kwa akuluakulu, palibe anakweza manja. Ndinavala nsapato n'kutuluka.

Lero Lolemba apita kukafufuta dzina langa pa mapepala okhalira aja a nyumba yawo. Ndili ndi masiku owerengeka kuti ndipeze polembetsa pena. Bambo Prokopiy akuti aona. Sanena zambiri, ndiye sindikudziwa kuti aona chiyani.

Ndikudziwa chimene ndakugwetserani pamutu. Mukasankha kusandiyankha, ndimvetsa. Koma mukandifunsa ngati ndingabweze mawu onena za Ermek aja, yankho ndi ayi, lero ndi mawa.

Mwamuna wanu,
Sagynbek


Yakutsk, 10 Marichi 2010

Okondedwa wanga Burul,

Kalata yanu yafika dzulo masana. Ndinaitsegulira pansi pa lona, mbaula ikulira, ndikudikira galimoto ya dokotala wina kuti isungunuke. Ndili bwino. Lero ndikunena zoona.

Ndiye mwasamuka! Pa ngolo ya bulu, ndi ana awiri, nkhosa zinayi ndi makina osokera, mudzi wonse ukuonerera. Nyumba ya malemu bambo anga mwalowayo yakhala yotseka zaka zisanu ndi chimodzi. Mverani. Chumuni muyambe mwaiyesa ndi pepala loyaka musanakoleze malasha, mwina mbalame zinamangamo. Utsi ukabwerera m'nyumba musagonemo, pitani kwa aneba. Chipinda chakumpoto musachigwiritse ntchito, khoma lake limatuluka thukuta. Mawindo mumate ndi nsanza zoviika m'sopo. Chitsime chili bwino, chingwe ndicho chofunika chatsopano.

Mukuti amayi anakuuzani kuti musankhe pakati pa mbale yawo ndi mwamuna wopanda ulemu, inu n'kuwayankha kuti munapita ku Kara-Suu ndipo munaona mkazi wa Ermek akusita sokosi za munthu amene sadzayendetsanso takisi. Sindikanakupemphani kuti munene zimenezo. Komabe musatseke njira. Lachisanu lililonse muziwatumizira ana ndi buledi wotentha. Akabweza, mutumizenso sabata inayo. Ndi amayi anu, ndipo mawondo awo sadziwa za mkanganowu.

Za kuno. Mapepala sanatheke. Ndiyenera kutuluka m'dziko n'kulowanso, ndipo ndalama ya ulendowo ndi imene ndinasungira tikiti yobwera kwathu. Chaka chino chikondwerero cha Nooruz mudya nokha. Bambo Prokopiy akuti ndikabwerako andilembetsa pa nyumba yawo, agalu avomera. Ermek wabereka mwana wamkazi. Akachira adzakhala nafe, kugwira lona sikufuna zala khumi. Madalaivala atatu a alamu abwera m'modzim'modzi, aliyense ndi sinthetiki wogula yekha, aliyense akuti ndisauze mnzake. Ndawasinthira. Alamu tikakumana pamsewu amayang'ana kumwamba. Mgolo uja ndamva kuti ukadali pakhonde pawo, sakuthira, sakutaya.

Tsopano funso lanu la kumapeto, limene munalemba mopendekera m'mphepete mwa pepala. Mukuti, "Nkhosa ili ndi makutu awiri. Linalo munapatsa ndani?"

Ndinaseka mpaka dokotala uja anasuzumira pansi pa lona kuona ngati mpweya wa mbaula wandizunguza mutu.

Linalo ndi langa, mayi a Aizirek. Munandiuza kalekale, tisanakwatirane n'komwe, kuti munthu wamkulu samuphunzitsa pagulu, ndipo kawiri konse sindinamve. Ndikadzafika mudzaphe nkhosa, mudzandiikire khutu m'mbale ana akuona, ndidzadya osatsutsa. Kwa achimwene anu ndidzapepesa za khutu, pamaso pa amayi, nditagwada ngati afuna.

Za oyilo asadikire.

Ine wanu,
Sagynbek